Alamu anu aimirira kutchalitchi

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Imbeza tilipo, mwendo wa amayi wayamba kupola.

Koma alamu anu andikwiyitsa. Chaka chino munda wa mpingo talima azimayi tokhatokha, azibambo ali kumtsinje kusaka golide. Tinapalira, tinakolola, mpaka kusenza matumba pamutu. Lamlungu lothokoza zokolola, abusa anati, "Amene munagwira ntchitoyi imirirani." Oyamba kudzuka anali amuna anga, jekete ili pathupi! Anzawo anatsatira, mpingo n'kuwaombera m'manja.

Nditawafunsa kunyumba, anati, "Mai mwana, ndinaimirira m'malo mwanu, munali otopa."

Chonde muwaimbire foni, inu amakuopani. Ine ndikatsegula pakamwa ndichimwa.

Mulungu akusungeni.

Mng'ono wanu,
Esinati