Tinakumvani pa Wailesi

LOLEMBA

Norah 07:48: ndiye unali iwedi pa wailesi dzulo?

Norah 07:49: customer wanga pano pa msika wa Chisokone akuti anamva Wilbroad wa ku Kansenshi akuti boma libwezeretse chilango chonyonga

Wilbroad 07:56: ndinali ine asisi. mwadzuka bwnj

Norah 07:56: mpaka kutchula dzina ndi komwe ukukhala?

Wilbroad 07:59: anafunsa. ndikananama? onse oimba foni amangoti human rights human rights. ine ndinawauza za achimwene athu a Samson, mmene anawabayira ku Mushili akuchokera ku ntchito

Wilbroad 08:00: ndinati wopha mnzake court imuweruze, ikampeza wolakwa anyongedwe. basi

Norah 08:03: amama ku Katete asamve zimenezi, BP yawo ukuidziwa

Wilbroad 13:06: ku office lero kuli zii

Wilbroad 13:08: masiku onse amandiseka, ba 1964 ba 1964, akuti ndinatsalira m'zakale, poti ndimati ma bar azitseka pa Sunday, ana azigwada popatsa moni, malo a kumudzi azikhala m'manja mwa mafumu. ndinazolowera, ndimaseka nawo. lero palibe wandiseka

Wilbroad 13:09: Terence wa ku marketing wandichotsa pa group ya lunch osanena kanthu. yemwe uja amakonda kuphunzitsa aliyense za ufulu wolankhula

Norah 13:20: onse?

Wilbroad 13:24: kupatula Purity, wa desk yoyandikana nane. akuti pepani za a brother anu koma mukufunika counselling

Wilbroad 13:25: muno mu town ukaganiza zosiyana nawo sakutsutsa ayi. amakumvera chisoni ngati wadwala

Norah 13:31: pita ukacheze ndi a Father

Wilbroad 13:33: a Father anakamba kale pa guwa kuti mpingo sufuna kunyonga. nakonso ndimangokhala chete pa benchi

Norah 13:34: wadya koma?

LACHIWIRI

Wilbroad 06:41: asisi onani izi

Wilbroad 06:41: ↪ "Ba Wilbroad, tinakumvani pa wailesi. Simuli nokha. Tilipo ambiri, kungoti sitilankhula."

Norah 06:50: ndani ameneyo

Wilbroad 06:51: sindikudziwa. palibe dzina, palibe dp

Norah 06:51: number yako waitenga kuti

Wilbroad 06:53: mwina ku wailesi konko. koma ndisaname, mtima wakhala pansi. chibwerereni ku Ndola aka nkoyamba munthu kundiuza kuti akugwirizana nane

Norah 06:54: usamuyankhe

Wilbroad 06:54: ndangoti zkm

Wilbroad 12:17: lero zachilendo. guard wa pa gate ya ku office wandiimirira saluti. sanachitepo

Wilbroad 12:19: mu minibus bambo wina wandisiyira mpando wa kutsogolo, sindimudziwa. potsika wandigwira phewa, osanena kanthu

Norah 12:40: kkk wasanduka MP

Wilbroad 12:41: musaseke. zikukoma ndithu

Wilbroad 17:32: ↪ "Malaya a blue aja akukhalani. Muziyenda mutadzutsa mutu."

Wilbroad 17:32: ndavala a blue lero

Norah 17:33: Wil

Norah 17:33: block number imeneyo pompano

Norah 17:50: wamva?

Wilbroad 18:22: mwina ndi wa ku office konko akuopa kudziwika. ndimumvetsa

LACHITATU

Wilbroad 09:14: 📷 chithunzi

Wilbroad 09:14: yang'anitsitsani nkhopeyo

Norah 09:26: munthu wosoka nsapato? ndimudziwa?

Wilbroad 09:27: ndi Conrad

Wilbroad 09:27: amene anabaya a Samson

Norah 09:27: awe. ali m'ndende ameneyo

Wilbroad 09:30: ↪ "Anatuluka pa chikhululukiro chaka chatha. Amakhala pakhomo la msika wa Mushili, pansi pa ambulera yofiira. Palibe anakuuzani. Ife takuuzani."

Norah 09:31: 📞 simunayankhe

Norah 09:32: 📞 simunayankhe

Norah 09:33: ndasiya nsalu ya munthu pa machine. yankha foni

Norah 11:05: Wilbroad usapite kumeneko

Wilbroad 14:48: 🎤 mawu 1:12
"Asisi, ndapitako. Musakalipe. Ndinaima patali kaye, kenako ndinangozindikira ndaima pamaso pake. Ndi iyeyo. Wakalamba, mano a kutsogolo kulibe. Wakweza mutu nkundilonjera kuti mwaiseni ba boss, nsapato yatani. Sanandizindikire. Ku court kuja ndinkakhala kutsogolo tsiku lililonse, koma sanandizindikire. Ndinamuda, asisi, ndimudabe mpaka pano. Zaka zonsezi ndimaganiza kuti ndikadzamuona ndidzakuwa msika wonse umve. Ndangoti ndasochera, nkubwerera."

Norah 14:55: Mulungu akugwire mtima. bwera ku Kitwe ugone kuno

Wilbroad 15:02: ndawalembera anthu aja. ndati zikomo pondidziwitsa koma musiyeni. ine ndinanena za lamulo, judge, court. osati za pa msewu

Norah 15:03: ayankha chani

Wilbroad 15:10: anditumizira mawu anga omwe

Wilbroad 15:10: ↪ 🎤 mawu 0:04
"munthu wotere sayenera kukhala ndi moyo"

Wilbroad 15:11: ndi ine pa wailesi paja. koma adula. ndinayamba ndi kuti court ikampeza wolakwa. achotsa pamenepo

Wilbroad 15:40: atumizanso

Wilbroad 16:15: atumizanso. salemba kanthu, mawu okhawo

Norah 16:16: block!

Wilbroad 16:20: ndachita block. yabwera pa number ina

Norah 16:21: mawa m'mawa ku police. ndikupempha

Wilbroad 18:05: ndakhala pa khonde ndikuyang'ana mpanda wa ndende ili pafupi ndi kwathu kuno. ndakhala ndikuuona tsiku ndi tsiku ndikuganiza kuti munthuyo ali kuseri kwa mpanda ngati umenewu. pomwe amasoka nsapato ku Mushili

Norah 18:09: lowa m'nyumba ukhome

LACHINAYI

Wilbroad 08:52: ndachoka ku police. alemba zonse, atenga ma number awiri aja, akuti afufuza

Wilbroad 08:53: wandiperekeza Purity pa galimoto yake

Norah 08:55: wa counselling uja?

Wilbroad 08:58: yemweyo. ndinamuonetsa ma message, sanafunse zambiri, anangotenga makiyi. mu galimoto ndamuuza kuti maganizo anga sindinasinthe. akuti nayenso sanasinthe ake, ndimange lamba

Norah 08:59: ndamukonda

Wilbroad 09:01: ndampatsa number yanu, mwina mwake

Wilbroad 09:04: ↪ "Mwatuluka msanga. Tinkaganiza kuti mucheza nawo nthawi yaitali."

Norah 09:04: Yesu

Wilbroad 09:06: ndayang'ana mbali zonse. amayi ogulitsa nthochi, ma taxi, ana a sukulu. aliyense ali pa zake

Wilbroad 09:07: tikupita ku Mushili. ndikamuuze Conrad achoke mu Ndola

Norah 09:07: iweyo? kukachenjeza ameneyo?

Wilbroad 09:09: ndikufuna anyongedwe ndi boma asisi, masana, judge atasaina. osati aphedwe ndi anthu opanda nkhope m'dzina langa

Norah 09:40: mwafika?

Wilbroad 09:58: palibe

Wilbroad 09:59: ambulera ilipo, nsapato za anthu zilipo, singano ikadali pa sole. mwini wake palibe

Wilbroad 10:03: mayi wogulitsa makala pafupi akuti kunabwera amuna awiri ovala bwino m'mawa. anamulankhula mwaulemu, iye anakwera yekha galimoto

Wilbroad 10:04: akuti anamuuza kuti ba Wilbroad akukuitanani

Norah 10:04: bwererani ku police

Wilbroad 10:05: tili m'njira

Norah 11:30: zili bwanji

Norah 12:45: Wil

Wilbroad 14:12: ↪ "Tamusunga bwino, wadya. Sitimukhudza inu musanafike. Mlandu ndi wanu. 16 hours, pa uvuni wakale wa njerwa, msewu wa ku Kitwe. Mukapanda kubwera tidziwa kuti mwatisiyira ife."

Norah 14:13: apatse a police. iwe usapite

Wilbroad 14:20: ndawapatsa. akusonkhanitsa anthu, Purity atsala nawo kuti awalondolere njira. koma 16 ikakwana ine kulibe, mwawerenga nokha zomwe amuchite

Norah 14:21: si iwe unamutenga munthuyo

Wilbroad 14:22: anamutenga ndi dzina langa

Norah 14:22: 🎤 mawu 0:31
"Wilbroad, tamvera. Ndinaika mlongo mmodzi m'manda, sindikufuna wachiwiri. Munthu ameneyo anatilanda Samson, lero atilandenso iwe? Khala pa police pomwepo. Ndatseka shop, ndikukwera basi pompano. Undidikire, wamva? Undidikire."

Wilbroad 14:40: ndamva asisi

Wilbroad 14:41: ndakwera taxi

Norah 14:41: 📞 simunayankhe

Norah 15:05: basi sinadzadze. ndikupempha tsika ubwerere

Wilbroad 15:44: ndafika. taxi yandisiya pa msewu, ndayenda wapansi

Wilbroad 15:47: pali anthu ambiri. ndimayesa adzakhala atatu kapena anayi

Wilbroad 15:48: aima mozungulira, palibe akulankhula. ena avala za ku ntchito, ma tie, ma overall a ku mine. azimayi aliponso

Norah 15:48: thawa

Wilbroad 15:50: guard wa pa gate uja alipo. bambo wina wa mu choir ya ku parish

Wilbroad 15:51: asisi Terence ali pano

Norah 15:51: wa ku office? amene anakuchotsa pa group?

Wilbroad 15:52: wandimwetulira

Wilbroad 15:53: Conrad amukhazika pansi pakati, manja omangidwa kumbuyo ndi chingwe. patsogolo pake aika mpando umodzi. akundilozera kuti ndikhalepo

Norah 15:53: usakhalepo. police ili m'njira, uwachedwetse

Wilbroad 15:55: onse akundiyang'ana ngati ku church a Father akamalowa

Wilbroad 15:56: moyo wanga wonse muno ndimafuna anthu oti azindimvera

Wilbroad 15:56: ndikukawauza kuti ayi

Norah 15:57: Wil dikira

Norah 15:59: 📞 simunayankhe

Norah 16:04: tanyamuka, tadutsa ma robot

Norah 16:11: ndilembe ngakhale ka dot kokha

Norah 16:25: 📞 simunayankhe

Norah 16:26: Wilbroad

Purity 16:49: ba Norah, ndine Purity wa ku ntchito kwa ba Wilbroad. tafika ndi a police pa uvuni paja

Norah 16:49: ali bwanji? mpatseni foni

Purity 16:52: palibe munthu aliyense pano

Purity 16:53: udzu ndi wopondedwa malo aakulu. pali mpando ndi chingwe chodulidwa. basi

Norah 16:53: foni yake?

Purity 16:54: ikulira koma sitikuimva pafupi. a police alowa m'tchire

Purity 17:10: tampeza Conrad uja. amayenda m'mbali mwa msewu opanda nsapato. sanavulale

Norah 17:10: nanga mlongo wanga

Purity 17:16: 🎤 mawu 0:58
"Ba Norah, ndikuuzeni mmene Conrad wanenera. Akuti ba Wilbroad sanakhale pa mpando. Anapempha mpeni, anthu aja anawapatsa mosangalala. Ba Wilbroad anagwada nkudula chingwe cha Conrad. Anamuuza kuti, ndine mng'ono wake wa Samson, sindinakukhululukire, nyamuka uzipita. Akuti palibe anamugwira, anthu anangopatuka kumupatsa njira. Atafika patali anacheuka. Ba Wilbroad anali chiimire pakati akulankhula, akuloza ndi dzanja monga amachitira ku office tikamatsutsana. Anthu aja anali akuyandikira pang'onopang'ono. Akuti sanamve phokoso lililonse."

Norah 17:18: Terence wa ku office kwanu analipo. Wil anandilembera. auzeni a police

Purity 17:25: ndawauza. ndamuimbiranso Terence

Purity 17:26: wayankha. akuti ali pa desk yake chichokereni ku lunch, akufunsa ngati ba Wilbroad ali bwino

Purity 17:27: mawu ake ali bwinobwino ba Norah. sindikudziwa

Norah 17:29: ndatsala pang'ono kufika mu town

Purity 17:30: ndibwera ndikutengeni pa station. musakwere taxi iliyonse

Norah 17:41: Wil ndafika ku Ndola

Norah 17:41: amama sindinawauze kanthu. udzawauza wekha ukabwera

Norah 17:44: ndaima pa station ndikudikira Purity. anthu ndi ambiri

Nambala yachilendo 17:46: Ba Norah, mwayenda bwanji. Chikwamacho chikuoneka cholemera, pali benchi kumbuyo kwanuko.

Nambala yachilendo 17:47: A Wilbroad anena mbali yawo, tawamva. Koma a Samson anali mlongo wanu inunso.

Nambala yachilendo 17:47: Inu mukuti bwanji?