Matailosi a Bambo Kaitano Aziridwa Dothi

KOMITI YOMANGA TCHALITCHI, KWA NDAMERA

Tsiku: Loweruka, 13 Disembala 1924
Malo: M'tchalitchi momwemo
Analipo: Bambo Gideon (wapampando), Bambo Kaitano (wamalonda), Mayi Luisa (mtsogoleri wa amayi, amenenso ndi apongozi a Bambo Kaitano), Bambo Sebastiano (mmisiri), Jesinta Tomasi (mlembi).
Sanabwere: Bambo Petro. Akuti malungo, koma anthu awaona kudimba.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula ndi pemphero 2 koloko masana. Bambo Kaitano anakhala kuseri kwa mzati, monga mwa mwambo, kuti asayang'anizane ndi apongozi awo.

2. Khoma la kuguwa

Wapampando anakumbutsa komiti kuti Bambo Kaitano anapatsa mpingo matailosi ochokera ku Beira, osalala ngati mbale, oyera a maluwa abuluu. Mlembi ndiye anakonza kayalidwe kake: maluwa anayi anayi kukumana pakati, mzere wachikasu kuzungulira m'mphepete. Bambo Sebastiano anawamata kukhoma ndi laimu. Lachinayi amayi anazira tchalitchi ndi dothi lakuda pokonzekera Khirisimasi, monga achitira chaka chilichonse. Anazira pansi, anazira khoma, ndi matailosi omwe. Palibe duwa likuoneka.

Bambo Kaitano, amene anafika dzulo kuchokera ku Sena, anati: "Nkhabe, ayi! Bokosi la matailosi limenelija ndinaoloka nalo Zambezi ngati khanda, lero munthu wapaka matope ngati ndi nkhokwe!" Anati awamatula onse akapatse mpingo wina wa anthu openya. Bambo Sebastiano anati laimu anagwira, akawamatula asweka. Bambo Kaitano anati bola aswekere m'manja mwa mwini wake.

Mlembi anapempha kulankhula, poti maondo amene anasupuka poyala matailosiwo pamchenga ndi ake. Wapampando anati ntchito ya mlembi ndi kulemba. Walemba.

Bambo Kaitano anati amene anayambitsa zimenezi aimirire, achotsedwe paudindo, chifukwa maso anawaiwala kudambo potapa dothilo.

Mayi Luisa anaimirira. Anati: "Apampando, muwauze abambo a kuseri kwa mzatiwo kuti ndine. Khoma limang'anima ngati sitolo ya mbale, ana n'kumawerenga maluwa ulaliki uli m'kati. Muwafunsenso kuti munda akulimamo thonjewo ndi wa yani."

Bambo Sebastiano anagwidwa chifuwa.

Bambo Kaitano anapempha wapampando kuti awauze Mayi Luisa kuti kaziridwe kawo n'kosalala bwino, manja otere ndi osowa masiku ano, ndipo kuseri kwa mzati munthu saona bwino. Wapampando anafunsa ngati matailosi akumatulidwabe. Bambo Kaitano anafunsa kuti wanena zomatula ndani. Mlembi anawawerengera mawu awo, a maso a kudambo omwe. Wapampando analamula kuti mawuwo afufutidwe. Ali pamwambapa.

3. Zimene anagwirizana

Matailosi akhala. Mayi Luisa akhala paudindo. Khoma litsukidwe Khirisimasi isanafike. Mayi Luisa anati amayi sangafafanize ntchito ya manja awo, koma pamudzi pawo alipo mkamwini wamphamvu zake, wodziwa kunyamula zinthu. Bambo Kaitano anati "pyadidi, chabwino", madzi akatunga okha. Bambo Sebastiano anawachenjeza kuti atsuke ndi chiguduli, osakwecha ndi mchenga ngati mphika.

4. Zina ndi zina

Mlembi anafunsa ngati alipo amene amupepese. Mayi Luisa anati mwana sapepesedwa, amangopatsidwa kanthu, ndipo amutumizira mlamba wouma. Mlembi sanavomere. Nkhaniyi aidzutsanso pa msonkhano wotsatira.

Msonkhano wotsatira: Loweruka, 10 Januwale 1925.

Wapampando anatseka 4 koloko madzulo. Mayi Luisa anaima pakhomo kucheza ndi anzawo, osafulumira. Bambo Kaitano anatulukira pawindo.

Gideon, Wapampando
Jesinta Tomasi, Mlembi