Chikwatu Chanu Chomaliza

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumene muliko?

Ife ku Machinjiri tilipo. Akazi a achimwene Fabiano achira, mwana wamwamuna, mphuno ngati yanu. Chimanga tinakolola, koma anankafumbwe ayamba kale. Komabe mtima wanga suli m'malo chifukwa cha mwana wanga Tadala, mdzukulu wanu wa ku yunivesite uja.

Sabata yatha anakomoka m'kalasi. Kuchipatala nditamukoka chikope, m'maso munali mbee. Akuti magazi achepa. Anamupatsa mankhwala n'kumuuza kuti azidya zamasamba, ndipo akagwanso amugoneka. Mayeso ali pafupi, Amayi. Akamuphonya, chaka chonse chapita.

Amachita lendi ku Zingwangwa ndi atsikana anzake, ndipo chakudya chawo ndi soya, tchipisi cha pachiwaya ndi tiyi. Chilimwe chino kampukutu ka mpiru pamsika kangotsala masamba atatu, ndiye ndalamayo amasungira minibasi. Mfutso womwe ndinamutumizira mwezi watha ndinaupeza kunsi kwa bedi, wosatsegula. Akuti ankaopa kuti anzake amuseka kuti ndi wakumudzi. Ndinakwiya kwambiri. Paja munkamunena kuti mwanayu ali ndi pakamwa pa tauni koma mimba ndi yakwathu.

Tsono ndikuuzeni zomwe ndachita. Chikwatu cha nkhwani chomwe munamanga ndi masamba a msuku musanadwale chija, chinali chikadali pamsomali kukhitchini. Achimwene analetsa kuti wina asachikhudze, chikhale chikumbutso. Dzulo ndinachitsitsa, iwo sakudziwa.

Ndinakaphika kuchipinda kwa Tadala ku Zingwangwa komweko, kotendera ndi nsinjiro, tomato mmodzi basi. Tadala anayamba wakwinya nkhope. Nditamuuza amene anafutsa ndiwozo, anakhala pansi n'kudya misozi ili chuchuchu. Anzake omwe ankawaopawo anabwera ndi mbale zawo, poto mpaka kukokota. Agwirizana kuti azisonkha ya nsinjiro, ine ndizibweretsa mfutso ndi bonongwe wa kudimba.

Koma sindikunamizeni, ndikuopabe. Akakwera kamtunda amapumira m'mwamba. Foni ikalira mtima umangoti phwii. Akagwanso sindikudziwa kuti ndidzamasula chiyani, poti chanu chinali chomaliza.

Achimwene ndiwauza ndekha mawa, akalipe mmene angakalipire. Mvula ikagwa atsikanawa ndidzawatengera kumunda kwanu, tidzafutse limodzi, ndipo pamsomali paja ndidzapachikapo china. Chikadzakhala chopindika musandiseke.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Agnesi