Dothi lofiira pansi pa mtanda

Lachitatu. Kwatentha kuyambira m'mawa, ndipo mtima wanga sunakhazikike.

Ndasesanso mu holo yakale ya kanema ija, imene akuikonza kuti oimba aziimbiramo. Lero ndi kachitatu kupeza timibulu ta dothi lofiira pa nsanja, pansi penipeni pa mtanda waukulu wa denga. Dzulo poweruka ndinayalapo pepala la simenti kuti nditsimikize. M'mawa ndapeza dothi lagweraponso.

Ndinadikira kuti a Phiri, akapitawo athu, amalize tiyi. Ndinati, "Pepani kukuvutitsani bambo, mtanda uja uli ndi chiswe."

Anaseka. "Iwe Esinati, uinjiniya wauyamba liti? Umenewo ndi utuchi wa akalipentala. Mtanda tinaupaka penti, ukuwala ngati watsopano. Sesa basi."

Ndinangoti chabwino. Koma akalipentala anamaliza sabata yatha, ndipo utuchi sukhala wofiira. Kwathu ku Chinguluwe denga la khitchini lisanagwe tinkasesa dothi ngati lomweli.

Onse atapita kukadya ndinakwera pamakwerero n'kugogoda mtandawo ndi mpini wa tsache. Unalira ngati chitini chopanda kanthu. Nditadina, chala chinaboola penti n'kulowa mkati.

Loweruka akufuna kupachikapo masipika akuluakulu, ndipo kwaya ya mng'ono wanga Mervis idzaima pansi pomwepo.

Eni holo akubwera mawa kuchokera ku Lilongwe. Sindinalankhulepo ndi bwana wotero, ndipo a Phiri akhoza kundichotsa ntchito. Makwerero ndawasiya pomwepo. Ndidzawauza eni holowo za chiswecho, ndipo mawu akandithawa, ndidzangowapatsa tsache kuti agogode okha mtandawo.