Ovaova ya ku Firiji

Lolemba, 9 Juni

Zoyenera kutha sabata ino, ndisanayambe kudandaula zina:

1. Mtundu wa maovaova, mawailesi a m'manja olankhulirana. UHF kapena VHF? Mmisiri wa kukampani yogulitsa akuti UHF ndiyo imadutsa bwino m'makoma ndi m'mashelefu achitsulo. Ndiyesa ndekha.
2. Angati? Ndawerenga katatu, akukwana 12. Kuphatikiza imodzi yapadera, 13.
3. Batire losafooka ndi kuzizira.
4. Batani lalikulu, loti munthu adine atavala magolovesi.
5. Chiphaso cha mafunde a wailesi. Mmisiri akuti ayendetsa yekha. Ndimukumbutsabe.
6. Achimwene.

Zisanu zoyambazo ndi ntchito yanga, ndinapitira sukulu. Chomalizacho ndi chimene chandikhala pamtima.

Ndilembe bwinobwino kuti mutu upepuke. Mwezi watha chitseko cha firiji yaikulu, chipinda chozizira chimene timasungamo mankhwala, chinakanirira mayi wina wolongedza katundu ali m'kati. Mphindi 40. Foni m'menemo sigwira. Anatuluka milomo itachita bii. Ndiye abwana alamula kuti kuyambira Lolemba likudzali, wogwira ntchito yekha m'firiji aziitanidwa pa ovaova theka la ola lililonse, ndipo aziyankha ndi pakamwa. Woitana ndine, poti za chitetezo zili m'manja mwanga. Wolephera kuyankha asamutsidwira ku zenera lolandirira madalaivala.

Wogwira ntchito yekha m'firiji ndi achimwene. Agwiramo zaka 14. Amachita chibwibwi kuyambira ali mwana, ndipo ntchito ija amaikonda chifukwa makatoni safunsa mafunso. Ku zenera ndi kulankhula tsiku lonse ndi anthu othamanga. Akazi awo andiuza pafoni kuti akawapititsa kumeneko, angosiya ntchito.

Lachiwiri, 10 Juni

Mmisiri wabwera ndi maovaova oyesera. Ndazungulira nawo nyumba yonse, mapu m'manja, kuchonga paliponse pamene mawu akudukaduka. VHF yafera pa shelefu ya 11. UHF yamveka mpaka m'firiji, chitseko chili chotseka. Nambala 1 yatha. Ndaikhwatcha ndi rula.

Vuto ndi anthu. A pageti adina batani n'kuyamba: "Mwadzuka bwanji nonse? Kunyumba? Nanga ana? Mwendo uja uli bwanji, amayi a ku ofesi?" Ndayang'ana wotchi. Mphindi imodzi ndi masekondi 40 asananene kuti pageti paima lole. Woyendetsa folokilifiti, uja timamutcha Mphepo, waimbamo nyimbo yathunthu. "Ndikuyesa sipika, adona."

Nanga wina atagwa nthawi imeneyo? Tchanelo chonse chodzaza ndi moni.

Mmisiri walumikiza ovaova ku kompyuta ndi kachingwe, wandionetsa kabokosi kolembamo malire a nthawi. Munthu akagwira batani kupitirira pamenepo, imalira kuti tii n'kumudula. Ndati aike masekondi 20.

"Makumi awiri, mayi? Ambiri amaika mphindi yathunthu."

"Ikani makumi awiri."

Waseka, waika. Ndabwera kunyumba ndikudziyesa wanzeru.

Achimwene yawo aigwira ngati dzira, aitembenuza uku ndi uku, aipachika pa lamba. Atandiona ndikulemba angoti, "Mndandanda." Dzina limene anandipatsa ndili kamwana ka sukulu, chifukwa ndinkalemba mndandanda ngakhale wa zovala zokachapa.

Lachitatu, 11 Juni

Ndalakwitsa.

Kuyesa koyamba, 10 koloko, aliyense ali pa tchanelo 1. Ndaitana: "Firiji, firiji, muli bwanji? Ova." Kanyali kobiriwira kayaka, kusonyeza kuti adina. Phokoso la mafani. Kenako, "Ndi... ndi... ndi..." Mawu awakola pakhosi monga amachitira akadziwa kuti anthu akumvetsera. Ine maso pa wotchi. Tii. Yawadula.

Adinanso. "Ma... ma..." Tii.

Nyumba yonse yamva. Kokwezera katundu wina waseka, Mphepo n'kuponyamo: "Batire la akulu lazizira!" Ndipo ine, m'malo motseka pakamwa, ndadina n'kunena kuti, "Akuti ali bwino, madigiri ali pa anayi. Zikomo, firiji." Ndi mawu anga okoma a ku ofesi aja.

Pasanathe mphindi ziwiri achimwene atulukira pakhomo panga, jekete la m'firiji lili m'thupi. Atenga cholembera changa, alemba 9 wamkulu pa mapu aja, amuzunguliza. Madigiri 9. Mphira wa chitseko unang'ambika, kutentha kumakwera. Ndicho ankafuna kunena. Mankhwala aja sayenera kupitirira 8.

Tathamanga, tasamutsira makatoni ku firiji yaing'ono, okonza abwera. Palibe chawonongeka. Koma ovaova yawo aisiya pa desiki langa, pamwamba pa 9 uja.

Masana Mphepo wabwera chipewa m'manja. "Adona, pakamwa pangapa palibe mabuleki. Ndipepese bwanji?" Ndamuuza kuti akapepese kwa eni ake. Nanga ine ndikayambira pati?

Lachinayi, 12 Juni

Achimwene andipatsa moni wa mutu basi.

Ndawerenga kabuku konse ka ovaova, masamba 64. Tsamba 41: ingathe kukonzedwa kuti izilira yokha theka la ola lililonse, munthu n'kungodina batani. Akapanda kudina, belu limalira ku ofesi. Osalankhula n'komwe! Ndathamanga nalo tsambalo kwa abwana. Akana kawiri. Akuti munthu amene kuzizira kwamulowa amadziwika ndi malankhulidwe, batani ngakhale wosokonezeka mutu adina. Kachitatu avomera monyinyirika, "poti ndi akulu anu." Mtima pansi.

Lachisanu, 13 Juni

Achimwene ndawatsatira m'firiji nditabwereka jekete londifika m'maondo. Ndafotokoza za tsamba 41 mwadongosolo, choyamba, chachiwiri, chachitatu. Amvetsera akusanja makatoni. Kenako atembenuka: "Ukufuna ndi... ndi..."

Ine: "Mudine basi, eya."

Aika katoni pansi. Akweza chikhato kuloza kwa ine ngati wapolisi wa pamsewu. Ndatseka pakamwa. Zatenga nthawi, mphuno yanga mpaka kuchita dzanzi, koma amaliza okha:

"Ukufuna ndisiye kulankhula kuti iwe usachite manyazi."

Ndati ayi, ndikufuna musachoke pantchito. Ati, "Ena onse a... ayankha ndi pakamwa." Abwerera ku makatoni awo.

Ndakalirira kuseri kwa shelefu ya 11, pamene VHF inafera. Malo abwino, palibe amamva.

Chiphaso chabwera. Nambala 5 yatha. Ndaikhwatcha opanda rula.

Loweruka, 14 Juni

Ndapita kwawo. Achimwene atangoona ndikulowa pampanda akumbukira kuti akufuna kukameta. Mutu umene unametedwa sabata yatha.

Mlamu wanga ndawapeza akusita mayunifolomu. Ndawauza zonse, ngakhale za 9 uja. Ati, "Inu mlamu, mumawakonda mwaphuma."

Ndawakumbutsa kuti tili ana mayi ankatituma awiri ku golosale, iwo kunyamula, ine kulankhula. Ana akawaseka wogenda ndinali ine. Aphunzitsi akawafunsa funso ndinkafuna kulowera pawindo. Ndakhala pakamwa pawo zaka zoposa 30, ndiye ndisiye lero?

Aimika simbi. "Tsiku limene anandifunsira tinaima pa siteji ya basi. Mabasi atatu anadutsa, atatu! Chimene ankafuna ndinachidziwa pa mawu oyamba omwe. Koma ndikanawamalizira, bwenzi nditadzifunsira ndekha." Aseka mpaka kupukuta misozi ndi kolala ya yunifolomu. "Ndinkafuna ndimve kwa iwo."

Ndafunsa ngati zosiya ntchito zija zili zenizeni. Apisa m'thumba la shati imene inapachikidwa kuseri kwa chitseko, andionetsa kalata. Yolembedwa kale, zilembo zoongoka ngati za makina. Deti lokha ndi limene palibe.

Pobwerera ndadutsa pa ometa. Anali pa benchi panja, akuwerenga nyuzipepala ya dzana. Sindinaime.

Lamulungu, 15 Juni

Ndabwera ndi maovaova awiri kunyumba, yanga ndi ya achimwene, ndi kachingwe kamene mmisiri anandibwereka atandiphunzitsa pulogalamu yake. Ndimafuna kungochotsa masekondi 20 aja. Pobwereza kabuku ndaima pa tsamba 37, limene Lachinayi ndinangolidumpha: ovaova ingathe kukanizidwa kulankhula pamene wina ali kale pa tchanelo.

Ndawerenga kanayi. Ndachonga kabokosi kake pa ovaova yanga, inayo ndapatsa bambo a m'nyumba muno kuti akalowe nayo kuchipinda, agwire batani, aziwerenga kabukuko mokweza. Ali pakati pa chiganizo ine ndadina kuti ndiwadule. Yakana. Yalira pang'ono n'kukhala chete. Ndadinanso ndi zala ziwiri. Yakana.

Atuluka akumwetulira. "Zaka 16 za banja, lero ndamaliza chiganizo. Tigule awiri a m'nyumba." Ndawagenda ndi pilo, kenako ndakhala pansi maso ali pa ovaova, mpaka afunsa ngati ndadwala.

Ndiye chinthu ichi, chimene ndimaopa kuti chiwachotsa ntchito, ndi malo okhawo amene ine sindingawalowe m'kamwa.

Zimene ndakonza:
Tchanelo 4, firiji ndi ofesi yanga basi.
Malire a nthawi pa yawo, ndachotseratu.
Yanga, yokanizidwa.
Batani langozi lizilirabe kwa aliyense.
Ena onse mawa ndiwaikira mphindi yathunthu. A pageti afunseko za mwendo.

Tsamba 41 ndalipinda, abwana ndiwauza kuti lamulo likhale monga analinenera.

Kapepala ndalemba kasanu ndi kamodzi. Komaliza:

"Achimwene, tchanelo 4. Siidula. Mukadina, ine sindingalowe ngakhale nditafuna. Ndayesa, yandikana. Pepani za Lachitatu, ndi za ku golosale zomwe. Mndandanda."

Nkhawa yatsopano: nanga batani litakanirira lokha, tchanelo n'kutsekeka? Ndaimbira mmisiri. Akuti, "Mayi, lero ndi Lamulungu. Likakanirira mudzapita ndi miyendo, ndi masitepe 60." Ndinawawerengapo, ndi 74.

Lolemba, 16 Juni

7:20. Ovaova ndi kapepala ndaika m'thumba la jekete lawo la m'firiji, pa msomali wawo.

7:55. Afika. Shati ndi yomwe ija ya kuseri kwa chitseko. Thumba lake sindinalione bwino.

8:10. Mphepo wasuzumira: "Adona, lero ndine mnyamata wabwino, pakamwa ndamanga." Akuti Lachisanu anakapepesa, akulu anamupatsa katoni kuti anyamule, nkhani n'kuthera pomwepo.

8:25. Abwana: "Tiyamba hafu. Akapanda kuyankha, mukudziwa."

8:30. Ndaitana. "Firiji, ndi ofesi. Muli bwanji? Ova." Ndasiya batani.

Zii.

8:31. Zii. Mwina sanapise m'thumba. Mwina apisa, awerenga, abwezeramo.

8:32. Kanyali kobiriwira kayaka.

Mafani. Kupuma kwawo. "M... m... m..."

Liwulo ndikulidziwa, ndi dzina lija anandipatsa. Chala chapita chokha pa batani, yandikana, ndiye ndatenga cholembera kuti dzanja likhale ndi chochita. Masekondi 20 adutsa, siinalire. 40. Abwana aima pakhomo, akutsegula pakamwa, ndawakwezera chikhato. Atseka.

Kanyali kakadali koyaka.

Yankho libwere msanga, chonde, mtima wangawu ndi waung'ono. Koma inu achimwene musathamange. Ndili pompano.