Tadala Wasiya Kuthira Mchere

Chitawira, Lamulungu lomaliza la Juni

Zaka chipitireni Lonjezo ku Joni: 7
Maulendo amene wabwera kudzaona ana: 1
Masiku amene anakhala ulendowo: 11
Masiku amene ana ake agona popanda iye: 2,546

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ine ndilipo, mawondo okhawa ndi kuthamanga kwa magazi. Mtengo wa mapeyala umene munabzala kuseri wabereka 214 chaka chino, 60 anagwa osakhwima.

Munkakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mdzukulu wanu Lonjezo, chitsiriza wanga uja, waumvera mwambiwu mopitirira. Akulera ana awiri a eni ake ku Joni, ake awiri ali ndi ine. Tadala ali ndi zaka 13. Chisomo ali ndi zisanu ndi zitatu, anasiyidwa atangoleka kuyamwa. Bambo awo ali ku Kepitauni, anaimba komaliza pa Khirisimasi.

Nkhani ndi ya Tadala. M'mwezi wa Malichi ndinamumva akuphika nyemba akuitana mng'ono wake: "Iwe Chisomo, tabwera undithirire mchere." Anachita zimenezi masiku anayi, n'kusiya. Epulo, masiku anayi. Meyi, asanu. Ine, amene ndinaphunzitsa masamu zaka 34, zonsezi ndinkalemba m'kope langa, koma kuphatikiza ndinaphatikiza mwezi wachitatu. Mwana anali atakula, Amayi, ine ndili m'nyumba momwemo.

Ndinamuitanira kuchipinda. Ndinafunsa amene anamuuza kuti mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Akuti mayi wogulitsa mandasi pageti la sukulu, yemwenso anamung'ambira kansalu pachitenje chake. Sindidziwa ngakhale dzina lake.

"Bwanji sunandiuze ine?"

"Agogo, inu mukanangolemba m'kope."

"Nanga mayi ako?"

"Musawauze. Aja amadziwa nambala ya nsapato yanga basi, nayonso amaphonya."

Ine nditakula, inu munaphika nkhuku, munandipatsa chitenje cha maluwa obiriwira, n'kuitana azakhali kuti andilange. Munati nkhani yotere mayi samvera kwa anthu a m'njira. Choncho ndinaimba foni, ngakhale mwana anakana. Lonjezo analira. Anati, "Mama, mapepala anga anatha. Ndikatuluka sadzandilolanso kulowa, ndiye anawo adzadya chiyani?" Kenako khanda la abwana ake linalira, foni n'kuduka. Tinayankhula mphindi zinayi.

Tadala anamva zonse ali pakhomo. Kuyambira tsikulo, mayi ake akaimba foni Lamulungu masana amanyamuka n'kukakhala kuseri kwa nyumba. Lero ndi Lamulungu lachisanu. Ine amandiyankha mwaulemu, "Eya agogo, ayi agogo," ngati ndine mlendo wa ku mpingo. Sabata yatha basi inabweretsa katundu wochokera kwa Lonjezo pa Wenela: diresi la pinki la timikanda, losafika n'komwe m'mawondo. Tadala analipinda bwinobwino n'kumupatsa Chisomo. Naye Chisomo wayamba kufunsa ngati n'zokakamiza kupereka moni pafoni.

Sindimudzudzula Lonjezo. Satifiketi yake inakhala m'sutikesi zaka zitatu, iye akuzungulira m'maofesi a ku Limbe mpaka nsapato kutha. Ndine ndinamuperekeza kukakwera basi, ndine ndinati, "Pita mwanangu, zaka ziwiri si kanthu." Ndinalakwitsa samu imeneyo, ndipo palibe poikonzera.

Loweruka ndipita naye Tadala kwa alangizi a ku mpingo. Mwambo ndi womwe uja, mtsikana aliyense mayi ake amakhala pambuyo pake pamkeka. Ndaona mndandanda: atsikana 9, amayi 5. Enafe ndife agogo atatu ndi mlamu mmodzi. Ndikakhala pansi, odzandidzutsa adzapezeka.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi Chisomo. Tsiku lake likadzafika, pafunika padzakhale munthu wa m'nyumba muno womuuza, osati wa pageti. Ndikulonjeza kuti sindibwera kumeneko iye asanakule, mundisungire malo koma musandifulumizitse. Ndawerengera:

Zaka zanga lero: 73
Zaka zoti ndimudikire Chisomo: 5
Zonse pamodzi: 78
Zaka zimene inu munapita nazo: 74

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Esinati