Galasi Loyang'ana ku Siteji ya Basi

Wokondedwa mwana wanga Namabuku,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino, iwe pamodzi ndi amuna ako ndi kamdzukulu kanga kaja ndimangokaonera pafoni. Kayamba kuyenda? Kuno tikudzuka ndithu. Bondo langa lija likadali ndi mwano wake, makamaka kunja kukazizira, koma silinandiletse kuimirira kuseri kwa mpando wometera. Mng'ono wako Kamlomo ali bwino, ndipo pakamwa pake sipanachepe.

Usadabwe kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Pafoni iwe umakhala uli pa liwiro, ine ndimakhala ndagwira mutu wa munthu, ndiye timangoti muli bwanji, tili bwino, basi tatsanzikana. Komanso pafoni ndimanama bwino kwambiri. Ndi cholembera dzanja limachita manyazi.

Kushopu zinthu zikuyenda. Makina ometera akale aja anatopa, ndinapeza ena osasokosera. A Dazi amabwerabe Loweruka lililonse. Munthu alibe tsitsi ndi limodzi lomwe, koma amakhalitsa pampando kuposa aliyense, ati ndiwakonze ndevu pamene chimene abwerera ndi miseche. Amakufunsa nthawi zonse, ndipo ine ndimawauza kuti madzi amene anthu a mumzinda wanuwo amamwa amayamba ayezedwa ndi mwana wanga.

Chandilembetsa kalata ndi mng'ono wakoyu. Ukudziwa kuti ali m'kalasi yomaliza ya sekondale, ndipo mutu wake ukugwira, mwina kuposa wako, usakwiye. Kusukulu kwao kuli aphunzitsi ena aakazi amene ntchito yawo ndi kuthandiza ana ndi makolo kusankha koleji. Nthawi yako kunalibe zimenezi. Tinangosankha mwa chimbulimbuli ine ndi malemu amayi ako, Mulungu n'kutichitira chifundo.

Tsono aphunzitsiwo anatiitana, kholo lililonse ndi mwana wake. Ndinatseka shopu, ndinavala jekete, ndinapita. Kachipinda kawo kali kuseri kwa laibulale, kopanikizana, mipando itatu ndi tebulo. Pakhoma pali chimapu chachikulu, ndipo paliponse pamene pali koleji anaikapo kadontho kofiira. Mwana aliyense anamupatsa phini yokhala ndi kapepala ka dzina lake, kuti abaye pamene mtima wake ukufuna kukaphunzira.

Ndinayamba kusakasaka phini ya Kamlomo kumtunda kwenikweni kwa mapu, kumene kuli koleji ya madokotala a ziweto. Iwenso ukanayambira komweko. Ukukumbukira tsiku lija anatola galu wothyoka mwendo pamsewu, n'kumumanga mwendowo ndi zipeso zanga ziwiri zatsopano? Kuyambira pamenepo nkhuku ikatsokomola kwa aneba, amaitana iyeyu. Nyimbo yake yakhala imodzi zaka zonsezi, yakuti adzakhala dokotala wa nyama.

Kumtundako phini yake kunalibe. Aphunzitsi anandilozera kabowo kakang'ono pamene inali poyamba, kenaka anatsitsa chala chawo mpaka pa tauni yathu ino. Phiniyo inali pa kakoleji kaja ka kuseri kwa depoti, kophunzitsa ntchito za muofesi.

Ndinamufunsa mwana kuti zimenezi zayamba liti. Anandiyankha maso ali pansi kuti wasintha maganizo, tsopano akukonda kutaipa ndi kusunga mafailo. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Mwana amene sangakhale pampando mpaka tiyi azizire, lero akufuna kukhala pa desiki moyo wake wonse? Ndinamuuza kuti asataye bomwetamweta.

Aphunzitsi anamutuma kuti akabweze mabuku ku laibulale. Chitseko chitatsekeka, anandifunsa funso limene sindinaliyembekezere. Anafunsa kuti galasi la kushopu kwanga linayang'ana kuti.

Chaka chimene unapita ku koleji ndinalisuntha pang'ono galasi lija, n'kuuza anthu kuti ndikufuna kuwala kwa pawindo. Zoona zake n'zakuti ndikaima kuseri kwa mpando, m'galasimo mumaoneka siteji ya tsidya lina la msewu, pamene pamaima basi yochokera kutali. Ikafika masana, makina amanyamuka okha pamutu pa munthu, ndipo sabwerera mpaka wotsika womaliza atatsika. Ndimadziwa kuti sunanene kuti ukubwera. Ndimayang'anabe.

Ine ndinkayesa chinsinsi changa. Ndinaiwala kuti Kamlomo akaweruka amakhala pabenchi ya makasitomala n'kumalemba ntchito yake ya kusukulu. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti maso ake ali m'kope, chikhalirecho ali pa ine.

Aphunzitsi anati atamupanikiza ali awiri, mwanayo anawauza kuti bambo ake amasaka munthu mmodzi m'galasi tsiku lililonse. Mwanayo anati iye akapita bambo akewo adzayamba kusaka awiri, ndipo pabenchi sipadzakhalanso wowakumbutsa kuti mutu wa eni ake ukudikira. Anati koleji ya kuseri kwa depoti ndi yabwino chifukwa munthu amapita m'mawa n'kubwerako madzulo.

Ndinatuluka m'kachipindamo n'kubwerera kushopu. Ine ndi amayi ako tinapempherera koleji ya ana athu mpaka mawondo kuchita zikang'a. Paja walira mvula walira matope. Matopewo ndinkati ndikuponda ndekha, osadziwa kuti akuthimbirira mwana.

Loweruka ndinawadandaulira a Dazi. Anaseka mpaka thovu la ndevu kugwera pa malaya. Anati msewu wonse umadziwa kuti ngati uli pa changu usakhale pampando wanga nthawi ya basi, ndipo ena amachita kudikira panja kuti iyambe yadutsa. Tangoganiza, ine wometa anthu, wosunga zinsinsi za mitu yonse ya m'dera lino, changa chokha chinali pa mbalambanda.

Ndinati ndikonze zinthu. Ndinazula misomali, galasi ndinalibwezera pamalo pake pakale, Kamlomo akuona. Ndinalankhula mokweza kuti kuwala kuja kwayamba kundipweteka maso. Tsiku lomwelo basi itafika, popeza m'galasi munalibe kanthu, ndinatembenuza khosi lonse, makina ali pamutu pa bambo wina amene amakonzekera ukwati wa mlongo wake. Ndinalambula msewu kuchokera pakhutu mpaka paliwombo. Panalibenso kuchitira mwina, ndinamumeta mpala, ndipo sindikhulupirira kuti adzapondanso pakhomo panga.

Kamlomo anaseka mpaka kugwetsa cholembera. Kenaka anasiya kuseka, anatola cholembera chake, n'kupitiriza kulemba osandiyang'ana. Kuseka kuja kunandipweteka pang'ono, koma kukhala chete kuja ndiye kunandilasa.

Sindinagonje. Ndinayamba kuimba mluzu m'nyumba ngati mnyamata. Ndinamuuza kuti asiye kundiphikira, ndiziphika ndekha kuti aone kuti ndingathe. Poto wa amayi ako wamkulu uja ndinamupsereza, mpaka lero tikumukwechabe. Ndinayamba kupita kokacheza ndi madoda anzanga madzulo, n'kumabwera ndi nkhani zokokomeza kuti aone kuti bambo ake ali ndi anthu. Iye anangondiuza kuti ndisamadzivutitse, wasankha kale.

Apo ndiye ndinapsa mtima. Ndinamukalipira kuti ine si khanda lofuna mlezi, ndinalera ana awiri ndi makina ometera, ndipo sindinamutume kuti andilondere. Anandisiya ndilankhule mpaka mpweya kundithera. Kenaka anati achemwali ake anapita nditawadalitsa ndi pakamwa pomwepa, ndikuseka chimodzimodzi, ndipo iye ndi amene anatsala n'kuona chimene chinatsalira m'nyumba. Mwanayu sananame.

Ndinabwerera kwa aphunzitsi aja ndekha. Ndinawapempha kuti angoizula phiniyo n'kuibwezera kumtunda, poti kholo ndine. Anakana mwaulemu. Anati akhala akuona ana okankhidwira ku koleji ndi makolo, ndipo ambiri amabwerako chaka chisanathe. Anati phiniyo aisunthe mwini wake ndi dzanja lake, ndipo aisunthe teremu ino isanathe, chifukwa sukulu ikatsekera maina amatumizidwa ndipo sasinthidwanso.

Kenaka anandifunsa ngati pabanja pathu pali wina amene anapita kukaphunzira kutali n'kubwerako, woti mwanayu amuone ndi maso. Ndinawauza kuti wopita alipo.

Usamve ngati ndikukuimba mlandu. Ndikudziwa kuti ntchito yako siyisiyika wamba, mwana ndi wamng'ono, ndipo ulendo ndi wautali. Ndikudziwanso, ngakhale sunandiuzepo, kuti chiikireni amayi ako m'manda nyumba ino imakulemera kuilowa. Inenso imandilemera, kungoti ine ndilibe kwina kogona. Sindinakuitanepo zaka zonsezi chifukwa ndinkafuna uziyenda wopepuka. Ukandifunsa pafoni ngati ndikufuna kanthu, ndimati ayi, ndipo ayi ameneyo ndi bodza lija ndanena poyamba.

Lero ndikukuitana. Akulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo iwe, pepa, wasanduka mlendo pakhomo pano. Malumo anga onse abunthira pa mwana ameneyu. Ndikamuuza kuti apite, mawu amatuluka bwino, koma nkhope imandiulula, ndipo iye amamvera nkhopeyo.

Bwera ngakhale masiku awiri okha, teremu isanathe. Udzakhale naye pansi ngati mkulu wake. Udzamuuze za chipinda chogona anthu anayi osadziwana, za mayeso, za kulira kwa miyezi yoyamba kumene unkatibisira koma amayi ako ankakumva m'mawu. Udzamuuzenso mmene zimakomera kudzuka m'mawa kupita ku ntchito imene mtima wako unasankha. Iye sanamvepo zimenezi kwa munthu wa magazi ake. Chimene akudziwa za koleji ndi nsana wa bambo ake basi ikafika.

Usadzamunamize kuti sindidzamusowa, akudziwa kale kuti ndidzamusowa, ndipo akakugwira bodza sadzakumveranso. Udzamuuze kuti kusowa mwana sikupha. Ndakusowa iwe tsiku ndi tsiku, ndipo ndilipo, ndikudya, ndikumeta, ndikudzitama nawe kwa aliyense wokhala pampando wanga mpaka ena amatopa nane. Chimene sindingapirire ndi kumuona iye akubwera madzulo aliwonse kuchokera ku ofesi imene saikonda, akundimwetulira, ine ndikudziwa kuti ndine ndinamutsekera njira. Kumeneko ndiye kungandiphe.

Kalatayi Kamlomo sakuidziwa. Ndailembera kushopu nthawi imene iye ali m'kalasi, ndipo a Dazi ndi amene akukaiponya, ngati sayamba aitsegula panjira. Ukamaimba foni usatchule kanthu, ungonena kuti wapeza tchuthi.

Undiperekere moni kwa amuna ako, uwauze kuti ndikubwereka mkazi wawo masiku ochepa ndipo ndidzabweza. Kamdzukulu kanga ukapsompsone pamphumi, ndipo ngati n'kotheka ubwere nako, tsitsi lake ndilione ndi maso anga ndisanamve kuti linametedwa ndi munthu wina. Azakhali ako akupereka moni, aneba onse akupereka moni. Mulungu akusunge, akuyendetse bwino, adalitse ntchito ya manja ako.

Chomaliza, mwana wanga. Ndalemba masamba onsewa ngati ndikupemphera mng'ono wako, ndipo n'zoona, ndikupemphera iyeyo. Koma ukafika, usathamangire kwa iye. Iye adikire pang'ono. Uyambe wandipatsa moni ine.

Ndine bambo ako okukonda,
Wometa wa pa kona.